Mankhwala Ake Ndi Kulankhula: Kodi Aphungu a Mabanja Nzeru Zawo Anazitenga Kuti?

Pa madrassah yomwe timaphunzitsa pali mnyamata wina wa zaka 9 amene ankatsogola anzake onse poloweza masurah. Chakumapeto kwa nyengo ya mwera chaka chatha mwanayu anasintha. Zomwe waloweza dzulo lero waiwala, pamkeka sakhazikika, mnzake akangomugunda pang'ono ndeu yabuka, ndipo pafupifupi tsiku lililonse ankadandaula m'mimba. Ife tinachita zomwe aphunzitsi ambiri timachita: tinamukalipira, tinamuimika kutsogolo, kenaka tinatuma uthenga kunyumba kuti mwana wayamba ulesi.

Mayi ake anapita naye kuchipatala. Anamuyeza malungo, likodzo ndi njoka za m'mimba koma sanamupeze ndi kanthu. Adokotala atafunsa mafunso angapo okhudza zakunyumba, anawauza mayiwo kuti abwerenso sabata yotsatira pamodzi ndi amuna awo kudzaonana ndi phungu. Pochokera kumeneko mayiwo anafikira kwa ife. "Mwalimu," iwo anatero, "wodwala ndi mwana, nanga ine ndi bambo ake akutiitaniranji? Kumeneku si kufuna kutivula pagulu? Ndiye zoti munthu akaulule za m'nyumba mwake kwa mlendo, inu mukuti n'zololedwa?"

Tinawayankha kuti kufuna chithandizo si tchimo, koma kunena zoona funso lawo loyamba lija linatipeza tilibe yankho. Kukoleji tinaphunzira malamulo a nikah, talaq ndi kagawidwe ka chuma cha masiye, koma za m'mene mkangano wa akulu umalowera m'mimba mwa mwana palibe anatiuza. Kuchokera pamenepo takhala tikuwerenga za ntchito ya aphungu, osati aja a ku Nyumba ya Malamulo ayi, koma omwe amathandiza anthu ovutika maganizo ndi mabanja amene akugwedezeka. Tapeza kuti iwowa sali gulu limodzi. Ali ndi magulu awo a kaganizidwe, monga ifenso tili ndi madhhab, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake, mabuku ake ndi mikangano yake.

Zinayambira ku Vienna

Pakati pa 1880 ndi 1882, dokotala wina wa mumzinda wa Vienna, m'dziko la Austria, dzina lake Josef Breuer, ankathandiza mtsikana wa zaka 21 wotchedwa Bertha Pappenheim. Mtsikanayu anayamba kudwala pamene ankadwazika bambo ake: dzanja linauma, chifuwa sichinkatha, ndipo nthawi ina anatha masabata angapo akukanika kumwa madzi ngakhale ludzu litamugwira. Breuer anaona kuti mtsikanayo akafotokoza chinthu chomwe chinamunyansa kapena kumuopsa pamene vutolo linkayamba, vutolo linkachepa. Mtsikana yemweyo ndiye anatcha njirayi kuti kuchiza mwa kulankhula. Olemba mbiri anadzatulukira pambuyo pake kuti sanachire msanga monga zinalembedwera, moti anakagonekedwanso kuchipatala, koma mbewu inali itadzalidwa kale. Mu 1895 Breuer ndi mnzake wachichepere, Sigmund Freud, anasindikiza buku lofotokoza za odwala otere.

Freud, yemwe anabadwa mu 1856 namwalira ku London mu 1939, ankati mtima wa munthu uli ndi mbali yomwe mwini wake saiona. Ife a kunyanja sitingavutike kumvetsa: pamwamba madzi ali phee, koma pansi mkokomo wa madzi ukukoka ukonde kupita nawo kwina. Zowawa zaubwana, manyazi ndi zilakolako zomwe munthu anazikwirira sizifa, zimatulukira m'maloto, m'mau opulumuka pakamwa, ngakhalenso m'matenda a thupi. Njira yake, yotchedwa psychoanalysis, inali yoti wodwala agone pampando wautali n'kumalankhula chilichonse chobwera m'mutu, kangapo pa sabata, mwina kwa zaka. Chinthu chimodzi chomwe iye anaona bwino n'chakuti munthu amatha kutenga mkwiyo wa wina n'kukauthira pa wina. Bambo amene anakula akunyozedwa ndi mayi womupeza angathe kupsa mtima koopsa mkazi wake akangomufunsa kuti ndalama ya usipa yapita kuti, osadziwa kuti akuyankha mau a zaka 30 zapitazo.

Koma Freud sitingamumeze yense. Zambiri ankazikokera ku chilakolako cha thupi, ndipo m'buku lake la mu 1927 analemba kuti chipembedzo n'chinthu chomwe anthu anadzipangira pofuna kudzitonthoza. Apa tasiyana naye poyera. Ngakhale ophunzira anzake anamutsutsa. Alfred Adler anapatukana naye mu 1911, Carl Jung mu 1913. Chomwe chinatisangalatsa ife n'chakuti pamene Freud ankaphunzitsa kuti mwana wamwamuna aliyense amalimbana mumtima ndi bambo ake, Bronislaw Malinowski, yemwe anakhala pakati pa anthu a pa zilumba za Trobriand, analemba mu 1927 kuti kumeneko sizili choncho. Anthu amenewo amatsata mtundu wa kuchikazi, ndipo mwana amaopa ndi kulimbana ndi atsibweni ake, pamene bambo amakhala ngati bwenzi. Wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota amene anakula akunjenjemera akamva kuti amjomba afika, sangadabwe nazo. Zomwe Freud anaona m'nyumba za anthu ochita bwino a ku Vienna anaziyesa za dziko lonse.

Gulu lachiwiri linati zokumba zaubwanazo n'kutaya nthawi. Iwo ankati mantha ndi zizolowezi zimachita kuphunziridwa, choncho zingathenso kuiwalitsidwa. Anayambira pa agalu a Ivan Pavlov a ku Russia, omwe ankachucha dovu akangomva chizindikiro chomwe anazolowera kuti chimabwera ndi chakudya. Mu 1924 Mary Cover Jones anathandiza kamwana kena komwe kankaopa kalulu: kamwanako kakamadya chakudya chomwe kankakonda, iye ankaika kaluluyo patali, mawa n'kumusendeza pang'ono, mpaka kamwanako kanayamba kumugwira. Joseph Wolpe, wobadwira ku Johannesburg, amene ankathandiza asirikali osokonezeka ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anakonza njirayi bwinobwino nailemba m'buku mu 1958. Mpaka lero ndi imodzi mwa njira zodalirika zochotsera mantha. Mwana amene anatsala pang'ono kumira simumuponya m'bwato kuti alimbe mtima. Lero akhale pamchenga, mawa aviike mapazi, mkuja akwere bwato lomangirira. A gulu lomweli ndiwonso anatikumbutsa kuti khalidwe lomwe lalandira mphotho limabwerezedwa: mwana akagubuduzika pamsika inu n'kumugulira mandasi kuti atonthole, mwamulipira kuti adzachitenso.

Munthu amene anaphunzira kukhala chete

Carl Rogers anabadwa mu 1902 ku Illinois, m'dziko la America, m'banja lachikhristu lokhwimitsa malamulo, ndipo anayamba maphunziro aubusa asanatembenukire ku za maganizo. Anagwira ntchito zaka 12 mumzinda wa Rochester pakati pa ana ovuta ndi makolo awo. Kumeneko anazindikira kuti malangizo ake anzeru kawirikawiri sankasintha munthu, koma iye akangomvetsera mwachidwi, munthuyo ankafika yekha pamene pali bala. Buku lake lalikulu linatuluka mu 1951. Iye ankati phungu akhale wopanda chinyengo, amulandire munthu popanda kumuweruza, ndipo ayesetse kumva ululu wa mnzakeyo ngati kuti ali m'kati mwake.

Owerenga okondedwa, apa ndi pamene ife tinachita manyazi. Taganizani m'mene milandu ya mabanja imayendera kwathu kuno. Ankhoswe afika, akhala pakhonde, mkazi wangoyamba kufotokoza, wina wamudula kale: "Mwana wanga, banja ndi kupirira." Mwamuna akuti ayankhe, wina wagamula kale. Pomwe dzuwa likupendeka onse agwirana chanza, koma chakukhosi sichinatuluke, ndipo pakangotha miyezi iwiri ankhoswe aja aitanidwanso. Ifenso amwalimu nthendayi tili nayo. Munthu asanamalize chiganizo ife tatsegula kale khutbah.

Ena amamudandaula Rogers kuti anamuika munthu kukhala woweruza wa zabwino ndi zoipa payekha, ndipo dandauloli lili ndi mfundo, chifukwa kwa ife halal ndi haram sizichokera m'zofuna za mtima. Komabe kumulandira munthu n'kosiyana ndi kuvomereza zochita zake. Mnyamata amene wayamba chamba sangaulule kwa munthu yemwe nkhope yake yamuweruza kale asanatsegule pakamwa.

Maganizo obwera okha

Aaron Beck, wa pa yunivesite ya Pennsylvania, anaphunzira njira ya Freud ndipo anayamba kafukufuku pofuna kutsimikiza kuti anthu okhumudwa kwambiri amakhala ndi mkwiyo wobisika womwe autembenuzira kwa iwo eni. Atasanthula maloto a odwala ake sanapezemo mkwiyowo. Anapezamo kutaya, kulephera ndi kukanidwa. M'zaka za m'ma 1960 anazindikira kuti odwalawo anali ndi timaganizo tobwera tokha mofulumira, tomwe ankatikhulupirira osatifunsa: ndine wachabechabe, palibe amandifuna, sizidzasintha. Albert Ellis anali atayamba kale zofanana ndi zimenezi mu 1955. Njira yomwe inabadwa pamenepa imadziwika ndi zilembo zakuti CBT, ndipo ndi imene yafufuzidwa kwambiri kuposa zina zonse. Imatenga masabata owerengeka, osati zaka.

Tiyerekeze mayi amene mwamuna wake ali ku Joni, ndipo patha masabata atatu osaimba foni kapena kutumiza kanthu. Ganizo labwera: wakwatira wina, ine ndatha ntchito. Tulo tasowa, nsima sikulowa, kumadrassah ya amayi wasiya kupita, ana akumulankhula iye akungowakalipira. Phungu wa CBT samuuza kuti asadandaule, komanso samulonjeza kuti mwamunayo ndi wokhulupirika, poti sakudziwa. Amamufunsa kuti: umboni wa ganizoli ndi wotani? Kodi anayamba wakhalapo chete chonchi, ndipo chinachititsa n'chiyani? Foni singabedwe, ntchito singathe, munthu sangagwidwe chifukwa cha mapepala? Ndipo zitakhala kuti wakwatiradi, kodi n'zoona kuti inu mwatha ntchito? Akatero amagwirizana zochita sabata imeneyo: kufunsa kwa mnzake wa mwamunayo, kubwerera kugulu la amayi, kuyambanso kageni ka tomato kaja.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti zoterezi zinalembedwapo kale m'Chiarabu zaka zoposa 1,000 zapitazo. Abu Zayd al-Balkhi, wobadwira kufupi ndi Balkh, komwe lero ndi Afghanistan, amene anaphunzira kwa al-Kindi namwalira mu 934, analemba buku lotchedwa Masalih al-Abdan wa al-Anfus, lonena za kasamalidwe ka thupi ndi mtima. M'menemo anafotokoza za mkwiyo, mantha, chisoni ndi manong'onong'o a mumtima omwe sachoka. Anasiyanitsa chisoni chomwe chili ndi chifukwa chodziwika, monga imfa kapena kutaya chuma, ndi chisoni chongomugwera munthu popanda chifukwa, chomwe iye ankati gwero lake lili m'thupi ndipo chimafunanso chithandizo cha thupi. Analangiza kuti munthu azisunga maganizo abwino pamene mtima uli m'malo, monga m'mene timasungira mankhwala m'nyumba matenda asanafike. Amene anadziwitsa anthu ambiri za bukuli ndi Malik Badri wa ku Sudan, yemwe anamasulira m'Chingerezi gawo lake lonena za mtima mu 2013. Badri yemweyo, amene anamwalira mu 2021, analemba mu 1979 buku lodzudzula Asilamu ophunzira za maganizo omwe ankangotsata Freud m'chimbulimbuli. Sanati zonse za Azungu zitayidwe. Iye mwini anaphunzira ku Beirut ndi ku England ndipo ankagwiritsa ntchito njira ya Wolpe ija. Ankati tipete, mankhusu apite, mpunga utsale.

Wodwala ndi mwana, woitanidwa ndi makolo

Tsopano tafika pa funso la mayi aja. Magulu onse tatchulawa ankaona munthu mmodzi payekha. M'zaka za m'ma 1950 madokotala ena ku America anayamba kudabwa kuti wodwala akupeza bwino kuchipatala, koma akabwerera kwawo matenda ayambiranso. Mmodzi mwa iwo, Murray Bowen, pakati pa 1954 ndi 1959 anachita chinthu chachilendo: ankagoneka m'chipatala banja lonse la wodwala kuti aone m'mene amakhalira. Anatsimikiza kuti banja lili ngati ukonde wa chilimira, ukakoka chingwe mbali imodzi, ukonde wonse umasuntha.

Kwathu timati banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Bowen anaona kuti wachitatuyo kawirikawiri sabwera yekha, amachita kukokedwa. Anthu awiri akakhala ndi nkhani yomwe akuopa kukambirana, mmodzi amayang'ana wachitatu woti atulirepo, monga mphika umafunira mafuwa atatu kuti ukhazikike. Mkazi akadandaule kwa mayi ake, mwamuna kwa mlongo wake kapena kwa anzake kudoko. Mtima umatsikadi, koma nkhani ija siinakambidwe. Tsoka limakhalapo pamene fuwa lachitatulo ndi mwana. "Kawauze abambo ako kuti ndiwo zatha." "Amako akunena chiyani za ine?" Mwana wa zaka 9 wasanduka mtumiki, kazitape ndi mtonthozi. Nthawi zinanso mwana amaona kuti iye akadwala kapena akapalamula, makolo amasiya kukangana n'kugwirizana pa za iye. Sachita dala, ndipo ululuwo ndi weniweni. Akale anati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Apa zatembenuka: adya ndi akulu, wapotedwa ndi mwana.

Bowen anaonanso kuti kuthawa kwanu si kumasuka. Munthu amene anakwiya n'kudula abale ake onse amanyamula mkangano womwewo kukalowa nawo m'banja lake latsopano. Kukhwima kwenikweni n'kutha kukhala pakati pa abale ako, kuwakonda, koma osatengeka ndi mkwiyo kapena nkhawa ya aliyense. N'chifukwa chake aphungu a gulu limeneli amajambula papepala mtundu wonse kufikira kwa agogo, n'kumafunsa kuti anasudzulana ndani, sayankhulana ndani, analeredwa kuti. Musadabwe akakufunsani za agogo anu pomwe mwabwerera za mwana.

Salvador Minuchin, wobadwira ku Argentina mu 1921, ndiye amene ife tamukonda kwambiri, mwina chifukwa nzeru zake anazipeza pakati pa amphawi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ankagwira ntchito pa sukulu ya Wiltwyck ku New York, yosungirako anyamata opulupudza ochokera m'makomboni osauka. Mabanja amenewa analibe nthawi yogona pampando n'kumafotokoza maloto. Choncho iye ankawauza kuti, m'malo mondifotokozera m'mene mumakanganira, kambiranani nkhaniyo pompano ndione. Ankayang'ana amene wakhala pafupi ndi yani, amene amayankhira mnzake, amene sapatsidwa mpata. Akaona mwana wakhala pakati pa bambo ndi mayi, ankamuuza kuti abwere akhale pambali pake, makolowo asendeze mipando ayang'anane. Atasamukira ku Philadelphia mu 1965 anaphunzitsanso ntchitoyi anthu wamba a m'makomboni omwe analibe madigiri.

Chiphunzitso chake chagona pa malire. Banja likhale ndi mpanda wokhala ndi chipata. Mpanda ukasowa, aliyense amalowa: apongozi akudziwa zakuchipinda, ana akugamula nkhani za makolo. Mpanda ukakhala wopanda chipata, m'nyumba mungafe munthu anansi osadziwa. Komatu apa pafunika kusamala. Phungu wongoloweza mabuku a ku America angaone mwamuna wa chikamwini, agogo akulera zidzukulu, mwinimbumba akufunsidwa za sukulu ya mwana, n'kunena kuti banjali ladwala. Ayi ndithu, amenewo ndiwo makonzedwe athu. Funso loyenera n'lakuti, kodi aliyense akudziwa malo ake, ndipo mwamuna ndi mkazi ali ndi pena pomwe amagamula okha?

Gulu la zamabanjali lili ndi chipsera chake. Poyambirira ena mwa akatswiri ankaloza chala amayi kuti ndiwo amadwalitsa ana misala chifukwa cha kaleredwe, ndipo amayi ambiri anasenza mlandu womwe sanapalamule. Lero n'zodziwika kuti matenda monga schizophrenia sayamba chifukwa cha kaleredwe ka mayi, ngakhale kuti mtendere wa panyumba umathandiza wodwala kuti asabwererenso msanga m'matenda.

Pa za mwamuna ndi mkazi, John Gottman wa ku Seattle anatha zaka zambiri akujambula mabanja pamene akukambirana zomwe amasiyana. Anapeza kuti kukangana pakokha sikupasula banja, koma kakanganidwe. Anatchula zinthu zinayi: kunyoza khalidwe lonse la mnzako m'malo modandaula za chinthu chimodzi, kumuderera, kudziikira kumbuyo nthawi zonse, ndi kungoti duu ngati khoma. Choipitsitsa ndi kuderera, kaya ndi tsonyo, kaya kuseka monyogodola. Tingokumbuka kuti iye anafufuza mabanja a ku America. Kwathu kuno kukhala chete ndi kuzolika nthawi zina ndi ulemu chabe.

Nanga gulu lopambana ndi liti?

Mu 1952 Hans Eysenck wa ku London anautsa mapiri pachigwa polemba kuti palibe umboni woti kuchiza mwa kulankhula kumathandiza. Yankho lomveka linabwera mu 1977, pamene Mary Lee Smith ndi Gene Glass anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 375, napeza kuti munthu wolandira chithandizochi amapeza bwino kuposa anthu 75 mwa 100 alionse omwe sanalandire. Chodabwitsa chinali chakuti kusiyana kwa magulu aja kunali kochepa. Kafukufuku wa pambuyo pake wasonyeza kuti kukhulupirirana kwa phungu ndi wothandizidwa, ndi kugwirizana kwawo pa chomwe akufuna kukonza, zimayendera limodzi ndi kuchira m'gulu lina lililonse. Aphungu ambiri masiku ano amatapa uku ndi uku.

Ndipo sizilira dokotala wamkulu nthawi zonse. Ku Harare, Dixon Chibanda anayamba mu 2006 kuphunzitsa agogo aakazi 14 a ku Mbare kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chomwe Ashona amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Agogowo sagamula. Amathandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, ndi kupeza choti achite sabata imeneyo. Kafukufuku wa anthu 573 wosindikizidwa mu 2016 anasonyeza kuti patatha miyezi 6, mwa omwe anakhala pabenchi, 14 mwa 100 ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa enawo anali 50 mwa 100. M'midzi ya ku Rawalpindi, m'dziko la Pakistan, amayi azaumoyo oyendera m'makomo anaphunzitsidwa njira ya CBT yofewetsedwa kuti athandize amayi oyembekezera okhumudwa. Zotsatira za mu 2008, za amayi 903, zinali zakuti patatha miyezi 6 chibadwire mwana, 23 mwa 100 ndiwo anali adakali odwala, poyerekeza ndi 53 mwa 100 a gulu linalo. Amenewa ndi mabanja a m'midzi ya Chisilamu, ndipo apongozi ndi amuna ankaitanidwa kuti athandizepo.

Ngakhale kuno kwathu tinaikapo dzanja. Michael White wa ku Adelaide ndi David Epston wa ku Auckland, m'buku lawo la mu 1990, ankaphunzitsa kulekanitsa munthu ndi vuto lake, kuti banja lisiye kulozana zala n'kuyamba kulimbana ndi vutolo pamodzi. M'zaka zomwezo aphungu a m'midzi ya ku Malawi, mogwirizana ndi Yvonne Sliep, ankachita sewero lomwe munthu mmodzi ankakhala ngati Edzi, anthu a m'mudzi n'kumamufunsa m'mene amagawanitsira mabanja. Ntchito yawo inasindikizidwa ku Adelaide mu 1996 pansi pa mwambi wathu womwe uja wa pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tinene mosabisa pomwe kulankhula pakokha sikukwanira. Munthu amene akumva mau omwe ena sakumva, amene watha masiku osagona akungolankhula, kapena amene wanena zodzipha, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Zipatala za m'maboma zimathandiza ndipo zimatumiza ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God pakafunika kutero. Dua ipitirire, koma mankhwala asasiyidwe. Chachiwiri, pomwe pali kumenya, aphungu odziwa ntchito sakhazika mwamuna ndi mkazi pamodzi, chifukwa zomwe mkazi anganene masana akazilipira usiku. Amayamba aonetsetsa kuti womenyedwayo ndi ana ali pabwino. Malawi ali ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi yoona za ozunzidwa.

Za kuopa kuulula kwa mlendo, Qur'an mu Surah An-Nisa, ayah 35, imalamula kuti banja likafika poopsa kupasuka pasankhidwe woyanjanitsa wa kuchimuna ndi wina wa kuchikazi. Choncho kulowetsa wachitatu woyenera si chinthu chachilendo kwa ife. Phungu salowa m'malo mwa ankhoswe kapena ashehe, ndipo sagamula za talaq. Ntchito yake imamulamula kusunga chinsinsi, kupatula pamene moyo wa munthu uli pachiswe. Muli ndi ufulu womufunsa tsiku loyamba lomwelo kuti anaphunzira kuti, mudzakumana kangati, ndipo ngati adzalemekeza chipembedzo chanu. Akayamba kukukankhirani ku zomwe mtima wanu ukukana, fufuzani wina.

Mayi aja anapita. Ulendo woyamba anapita okha, poti bambo anati iwo si amisala. Ulendo wachiwiri bambowo anatsatira, atalankhulidwa ndi atsibweni awo. Zomwe anakambirana kumeneko sitikuzidziwa ndipo sitinafunse. Tinangomva kwa mayiwo kuti phungu anawapempha chinthu chimodzi choyambira: nkhani ya ngongole ya injini ya boti, yomwe inawasowetsa mtendere miyezi yonseyo, asamaikambe mwana ali pomwepo, ndiponso asamamutume kukapereka mau kwa wina. Ngongoleyo ikadalipo, ndipo tikumva kuti masiku ena mau amakwerabe m'nyumbamo. Mnyamata uja m'mimba mumamupweteka mwa apo ndi apo, osati tsiku ndi tsiku. Ifenso tinasiya kumuimika kutsogolo. Tinamupatsa ntchito yosonkhanitsa mabuku anzake akaweruka, kuti azitsalira pang'ono, ndipo masiku ena amalankhula, masiku ena ayi. Mwezi watha anamaliza Surah Al-Fajr, yomwe anaimirapo nthawi ya mwera ija.